Njiri Amene Anameza Mfuu

Linalipo kale, ana inu, tsiku limene nyama zinkalima minda ngati ife. Patsinde pa phiri panali mudzi wa anansi anayi: Nkhanga, Gwape, Mbira ndi Njiri. Chaka china chimanga chinacha, nkhokwe zinadzaza. Anyani a m'phiri ataona, anayamba kutsika masana eni ake ali kudimba, n'kumatapa.

Nkhanga anakadandaula kupolisi, kwa a Njati. A Njati anabwera, nayendera nkhokwe zonse, nati, "Ine maso ndili nawo awiri basi, koma dera ndi lalikulu. Inu muli nawo ambiri. Woona wakuba asalimbane naye. Angofuula, mnzake alandire mfuuwo, mpaka undipeze."

Anagwirizana kuti Nkhanga azikhala mumtengo. Akaona auze Gwape, Gwape auze Mbira, Mbira auze Njiri, poti Njiri ndiye ankakhala kufupi ndi polisi.

Mkulu wa anyani anamva zimenezi. Anapita kudambo, napeza Njiri akusamba matope.

"Malume, mwaonda bwanji! Landirani kadengu ka chimanga aka."

"Nanga ine ndikubwezere chiyani?"

"Palibe. Mukamva phokoso, muzingotafuna."

Masana Nkhanga anafuula, "Ndaona, ndaona! Uza mnzako!" Gwape analandira, "Ndaona, ndaona! Uza mnzako!" Mbira analandira. Koma Njiri? Kukutu, kukutu, kukutu. Nkhokwe ya Gwape inatha.

"Achimwene, simunamve?" anafunsa Gwape.

"Mphepo imawombera kwina," anatero Njiri.

Tsiku lina mfuu unamvekanso. "Ndaona, ndaona! Uza mnzako!" Njiri kukutu, kukutu, kukutu. Nkhokwe ya Mbira inatha, ana ake anagona ndi njala.

"Achimwene, simunamvenso?" anafunsanso Gwape.

"M'makutu munalowa matope."

Koma Gwape anaona gaga wa chimanga pamlomo pa Njiri. Anauza Mbira pambali kuti, "Ulendo uno ndikamva, ndithamangira ndekha kupolisi."

Mkulu wa anyani anabweretsanso kadengu kudambo. Mfuu utamveka, Njiri anaseka yekha. "Lero alira ndani?" Kukutu, kukutu, kukutu. Atamaliza anayang'anitsitsa kadengu kaja. Kanali ndi chigamba pansi. Kanali ka mkazi wake.

Anathamanga mchira uli njo! Anapeza nkhokwe yake itagwetsedwa, chimanga chitamwazika m'fumbi. A Njati anali pomwepo ndi Gwape, anyani atamangidwa ndi luzi.

"Amangeni zolimba, bwana!" anakuwa Njiri. "Andisaukitsa!"

Mkulu wa anyani anadzutsa mutu. "Malume, si inu tinkadyera limodzi?"

A Njati anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo Njiri, tiyeni nanunso. Wakuba ndi womutsegulira njira amayendera limodzi."

Njiri atatuluka m'ndende anapeza pakhomo palibe n'kambewu komwe. Anapita kwa Mbira, nagwada. Anapita kwa Gwape, nagwada. Anansiwo anamupatsa kachakudya pang'ono, koma manyazi sanamulole kuimirira. Anadyera pomwepo chogwada, ndipo zidzukulu zake zikudyabe chogwada mpaka lero.

Ndathera pamenepa, ana inu: ukatseka pakamwa wakuba ali kwa mnansi wako, ukumusonyeza njira ya kwanu.