Tsiku Limene a Bernado Anasita Maluwa

Pa boma la Chadiza ukafunsa za munthu wodziwa kusita zovala, aliyense akulozera kwa a Bernado. Bambo amenewa anagwira ntchito yochapa ndi kusita pa nyumba ina ya alendo kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma, nsimbi yawo yamakala sinapume nawo. Anthu ankaseka kuti mzere wa thalauza lawo ungathe kudula tomato. Makwinya ankadana nawo koopsa, moti mlendo akabwera atavala malaya okwinyika, ankamupatsa moni maso ali pakolala.

Akazi awo, a Ebelesi, anali oluka. Zaka zonse za banja lawo a Bernado ankangowaona atakhala pakhonde, singano ya kangowe kunsonga ikulowa ndi kutuluka mu ulusi, koma sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti chikulukidwacho n'chiyani. Kwa iwo zinali za azimayi basi.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi, Chikondi, ankamanga ukwati woyera. Mtsikanayo anakana maluwa apulasitiki obwereka ku Chipata. "Amama, ine ndikufuna kulowa m'tchalitchi nditanyamula maluwa a m'manja mwanu," anatero. Anasankha makaneshoni, maluwa aja odzaza mphonje, ndipo ankafuna makumi anayi: ena ake, ena a omuperekeza, otsalawo omangirira m'mphepete mwa mabenchi. Pempholi linali lolemera. Zala za a Ebelesi zinali zitagwidwa ndi nyamakazi, ndipo anamwino anali atawalangiza kale kuti singanoyo aipumitse. Komabe anavomera, nati ntchito yawo yomaliza ikhale imeneyo. Analuka miyezi inayi, pang'onopang'ono, akumaviika manja m'madzi ofunda ululu ukakula.

Sabata ya ukwati itafika, kuluka kunali kutatha, kutangotsala kumanga maluwawo pa waya. Zolukazo zinali m'dengu lovundikira ndi chitenje, ndipo kunena zoona sizinkaoneka ngati maluwa. Zinali timizere tofiirira, totalika ngati mkono, topiringizika ngati matumbo a nkhuku.

Lachiwiri m'mawa a Ebelesi ndi Chikondi anakwera minibasi kupita ku Chipata kukatenga diresi ndi kugula wayayo. Akutuluka pakhomo, mayiwo anaponyako mawu. "Abambo a Chikondi, ukwatiwu ndi wa mwana wanu. Anzanu tikuthamanga, inu muli phee pampando."

Mawuwo anawalasa a Bernado. Anakoleza makala, nasita suti yawo, nsalu za pathebulo, ngakhale makatani amene sanalakwe kanthu. Kenaka anavundukula dengu lija, n'kugwira pakamwa. Zinthu za ukwati wa mwana wawo zikapite pamaso pa anthu zitakwinyika chonchi?

A Elizabeti, mng'ono wa a Ebelesi amene anabwera kuchokera ku Zingalume kudzathandiza za ukwati, anali kusankha mpunga pabwalo. Ataona dengu likutuluka, anaika lichero pansi.

"Alamu, zimenezo n'za akulu anga. Bwanji osawaimbira kaye foni?"

"Ndiwafunse chiyani? Za makwinya?" anayankha a Bernado akuuzira makala. "Ine ndinayamba kusita masuti a anthu akuluakulu inu musanamere mano, alamu."

"Ine sindidziwa zolukaluka, dzanja langa n'la khasu. Koma akulu anga si munthu wosiya chinthu chokwinyika mwangozi."

"Ndiye chifukwa chake ndikuwathandiza. Atopa."

Kamzere koyamba kanakana kugona. Anakawaza madzi, nawonjezera makala, nakanikiza ndi mphamvu zonse mpaka kanagonja. Panamveka kafungo ngati ka jumbo ikamapsa, pakuti ulusi wa masiku ano uli ndi pulasitiki mkati, koma a Bernado anati ndi fungo la ukhondo. Pofika masana anali atasita makumi atatu ndi tisanu ndi tinayi, tonse tili phwatalala, tonyezimira, tosanjikizidwa bwinobwino pathebulo. Anasamba, navala malaya oyera, nakhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Apaulendo aja anafika dzuwa litapendeka. A Bernado anawatsogolera kuthebulo akumwetulira. Chikondi atangoona, anagwetsa chikwama cha diresi, nathamangira kuchipinda akulira. A Ebelesi sanakuwe. Anatola kamzere kamodzi, nayesa kukoka ulusi kuti mwina ungamasulike n'kulukidwanso, koma unali utamatana, ndipo unangoduka m'manja mwawo. Anayesa kachiwiri, kenaka kachitatu, n'kusiya.

"Khalani pansi, abambo a Chikondi," anatero ndi mawu otsika.

Anapisa m'chikwama chawo natulutsa kamzere kamodzi kamene anapita nako ku Chipata kukayezera waya. Kameneko kokha ndi kamene kanapulumuka. Anagwira nsonga imodzi, naikoleka pa waya, n'kuyamba kukulunga. Zala zopindika zija zinkayenda mosafulumira. Makwinya anayamba kukwerana, lina pamwamba pa linzake, lililonse likupeza malo ake ngati kuti linkawadziwa kale. Atafika kumapeto anamanga kunsi ndi ulusi wobiriwira, nagwedeza kamodzi, ndipo chinthucho chinatseguka.

Linali duwa. Mphonje zake zinali zothithikana, zofiira kwambiri mkati, zikumka ziwala chakunja, m'mphepete muli timano ting'onoting'ono. Kamphepo kolowera pazenera kanaligwedeza ngati lamoyo. A Elizabeti anaima pakhomo manja ali pachifuwa. A Bernado anatambasula dzanja kuti aligwire, koma analibweza panjira, akuopa. Munthu amene anakhala zaka makumi atatu akuthamangitsa makwinya anali asanaonepo chinthu chokongola chotere, ndipo chonsecho chinali makwinya okhaokha.

"Amake Chikondi," anatero a Bernado akuyang'ana mulu uja pathebulo. "Zonsezi anali maluwa?"

"Anali maluwa. Makwinya mwawaphawo ndi amene ndakhala ndikuluka miyezi inayi."

Panatsala masiku atatu. Pa amayi onse a kutchalitchi panalibe wina wodziwa kalukidwe kameneka, choncho a Ebelesi anatenganso singano yawo. Ntchito zonse za pakhomo anazisiyira a Elizabeti, iwo n'kukhala pakhonde kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake. A Bernado anakhala pambali pawo pa kampando kakafupi, akumasula ulusi ndi kufunditsa madzi oviikamo manja. Tsopano pakamwa pawo panatseguka, mafunso osatha ngati mwana wa giredi wani.

"Nanga apa mwalasa katatu pamalo amodzi chifukwa chiyani?"

"Kuti mfundo zichuluke. Mzere woyamba zimakhala makumi anayi. Wachiwiri ndimaika ziwiri pa iliyonse, wachitatu zitatu pa iliyonse. Zikasowa pokhala zimayamba kupindika zokha."

"Zokha? Osazipinda inu?"

"Zokha. Ine ntchito yanga n'kuzipanikiza basi."

A Bernado anayesa kuwerenga mfundo za duwa limodzi, koma atapitirira mazana atatu anasokonezeka. Anayang'ana zala zotupazo zikulowetsa singano pa kabowo kamene iwo sankakaona n'komwe, osaphonya, ndipo anachita mantha ndi mkazi amene anakhala naye nyumba imodzi zaka zonsezi osamudziwa. Anachitanso manyazi, pakuti ankaona a Ebelesi akuluma mlomo nthawi iliyonse singano ikakoka ulusi.

Lachisanu madzulo, atangomanga duwa lachitatu, singano inapulumuka m'manja mwa a Ebelesi n'kugwa pasimenti. Anawerama kuti aitole, koma zala zinakana kutseka. A Bernado anaitola n'kuwapatsa. Mayiwo anapukusa mutu. "Basi, kaikeni m'nyumba," anatero. Pamodzi ndi lopulumuka lija, maluwa anakwana anayi.

Loweruka tchalitchi chinadzaza. Mabenchi anali opanda chokongoletsa, operekeza mkwatibwi analowa akuvina manja ali lendelende, ndipo Chikondi anayenda pakati pawo atafumbata maluwa ake anayi pachifuwa, nkhope ili mwee. Mapemphero atatha, azakhali a mkwati, mayi wachikulire wochokera ku Pembamoyo, anayandikira mkwatibwi panja, nawerama kununkhiza maluwawo. Ananunkhiza kachiwiri, n'kukwinya pamphumi.

"Mwanawe, dimba lake lili kuti lobala maluwa otere m'chilimwe chino? Nanga bwanji sakununkhira?"

"Ndi ulusi, azakhali. Aluka ndi amama."

Mayiwo sanakhulupirire mpaka atakhudza ndi nsonga ya chala. Kenaka anakodola anzawo. Posakhalitsa azimayi anazinga mkwatibwi, ndipo chodabwitsa n'chakuti phokoso lonse la pabwalo la tchalitchi linazilala. Duwa limodzi linayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akulilandira ndi manja awiri. Ena ankalitembenuza kufuna kuona pamene linayambira, osapapeza. Ngakhale abusa anavula magalasi awo, naliyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kungopukusa mutu.

Azakhali aja anafunafuna a Ebelesi kuti awagwire chanza, koma mayiwo anangowerama mwaulemu, manja atawabisa m'chitenje chifukwa anali atatupa osagwirika. Ndiye azakhaliwo anatembenukira kwa a Bernado. "Asebele, Mulungu anakukonderani. Anayi okha atiimitsa mtima chonchi. Akanakhala khumi bwenzi titaiwala kupita kumadyerero."

A Bernado anangoti, "Zikomo, asebele." Maso awo anadutsa pakhomo la tchalitchi n'kuyenda pa mabenchi opanda kanthu aja, limodzi ndi limodzi, mpaka kuguwa. Pa khamu lonselo, iwo ndi a pabanja pawo okha ndi amene ankadziwa munda umene unayenera kuphuka m'menemo tsiku limenelo. Misozi inatsika, anthu n'kumati ndi chimwemwe cha bambo wokwatitsa mwana.

A Ebelesi sanagwirenso singano kuchokera tsiku lija. Maluwa anayi aja anthu amawakambabe ku Chadiza, koma makumi anayi aja palibe anawaona, ndipo palibe adzawaone. Funso limodzi lokha pafoni likanawapulumutsa. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.