Chilambe cha Pamalire

Panali munthu wina amene anakangana ndi mkulu wake pa nkhani ya malire a munda. Analumbira pamaso pa anthu kuti phazi lake silidzapondanso m'munda mwa mkulu wakeyo. Pamalirepo, kumbali yake, panali mtengo wa mthethe, ndipo mumtengomo munayanga chilambe, chomera chakutchire chija chimakwera m'mitengo ngati chingwe.

Tsiku lina mwana wake wamkazi anadwala m'mimba. Mayi wina wodziwa zitsamba atamuona mwanayo anati, "Bambo, kakumbeni muzu wa chilambe tiviike m'madzi, azimwa. Muzu, osati masamba. Koma kuno chinatha, anthu anakumba chonse."

"Ine ndili nacho changa," anatero munthuyo, natenga khasu.

Atafika pamtengo paja anagwira tsinde la chilambe n'kumalitsatira ndi dzanja kuti apeze pamene lalowa pansi. Tsindelo linatsika mumtengo, linakwawa m'udzu, linadumpha malire, n'kukalowa m'nthaka m'munda mwa mkulu wake. Mkulu wakeyo anali chapafupi, akusosa, osamuona.

Kunali kungonena kuti, "Achimwene, mwana wadwala." Koma mng'onoyo anaima kumbali yake, nakulunga tsinde m'manja, nayamba kukoka kuti muzu ubwere wokha. Chilambe n'cholimba, koma nthaka ya m'chilimwe simasewera. Tsinde linaduka. Anathyola masamba n'kubwerera nawo kunyumba.

"Ndinati muzu," anatero mayi uja. Anawaviikabe, poti panalibe china.

M'mawa mwake mkulu uja anapeza chitsinde chodukacho m'munda mwake. Anachizula ndi muzu womwe n'kuchiponya pamoto pamodzi ndi mapesi. Mng'ono wake atabwera mozemba masana, anapeza dzenje lokha. Mwanayo anamwalira sabata yomweyo.

Pamaliro, mkuluyo anamva zonse kwa mayi wa zitsamba. Anapita pamene panakhala mng'ono wake nati, "Iwe, muzu umenewo ndinautentha ndi manja angawa. Bwanji sunandiitane? Ndinali pomwepo."

Kaya muzuwo ukanachiza mwanayo, ine sindikudziwa, sindine sing'anga. Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo ake nawo sadzadziwa mpaka kufa.

Inu mukundimveranu, alipo amene munalumbira kuti simudzamulankhulanso. Malumbiro otere timawachita titakhuta, ana akusewera pabwalo. Koma tsiku lina chimene mukuchifuna chidzapezeka m'munda mwake. Pitani mukamupatse moni lero, pakhomo pasanadwale munthu.