Atcheya Achira Pansi pa Mtengo wa Mango

Nasibeko atalembetsa kuboma ngati munthu waulumali, analandira njinga yopalasa ndi manja, ndipo anayamba kufika yekha kumsika ndi zitumbuwa zake. A Khuzumba, tcheyamani wa msikawo, anaisirira.

"Njingayi ndi ya boma, ndipo boma pamsika pano ndine," anatero. "Tsikapo, ndizinyamulira kabichi wanga."

"Tengani, atcheya," anayankha Nasibeko, nasunthira pabenchi.

A Khuzumba atangokhalapo, Nasibeko anawanong'oneza, akuloza mlendo wina wa suti ndi chikwama: "Mayo! Uyo ndi wa kuboma, amayendera njinga zimenezi. Akaona wokwerapo akuimirira, ndi unyolo basi. Kabisaleni pansi pa mtengo wa mango uwo mpaka adutse."

A Khuzumba anapalasira komweko. Koma pansi pa mtengowo panali linthumbu. Linakwera matayala, linalowa m'thalauza. Atcheya anangoluma mano, thukuta lili kamukamu, miyendo ili duu ngati yobwereka.

Wa suti uja anawayandikira, anatsegula chikwama, natulutsa Baibulo. Anali mlaliki woyendayenda. Anawasanjika manja pamutu n'kukuwa kuti, "Dzuka, yenda!"

Nthawi yomweyo linthumbu linafika pamalo osatchulika. A Khuzumba anadumpha n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, akudzimenya m'matako.

"Aleluya!" anafuula mlaliki. Amayi ogulitsa tomato anaimba nthungululu akugwa ndi phwete, namubwezera Nasibeko njinga yake.

"Poti mwachira, atcheya," anakuwa Nasibeko, "kabichiyo muzisenza pamutu!"