Utsi Wonunkhira Tchipisi

Panali munthu wina amene anali ndi boti loolotsa anthu kuchoka pachilumba kupita kumtunda. Injini yake inali yakale, ya dizilo. Utsi wake, abale! Wakuda bii, wotsamwitsa, woti ukakwera ndi malaya oyera unkatsika ngati wootcha makala. Okwera ankalimbirana malo akutsogolo. Kumbuyo kuinjini kunkakhala matumba a matemba okha.

Kenaka kunabwera mafuta atsopano, opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otsala m'ziwaya. Munthu uja anathira. Ndipo sindinama, utsi unachepa zedi. Mwaye unasiya kugwera pa zovala, maso analeka kuyabwa, ndipo botilo likamadutsa linkanunkhira ngati pachiwaya cha tchipisi. Iye n'kumayenda mapewa m'mwamba, akunyogodola anzake kuti, "Langali linasiya fodya."

Koma paipi yotulutsa utsi inali ndi mng'alu, m'kati mwa boti momwemo. Kale ikangong'aluka ankathamanga nayo kwa owotcherera tsiku lomwelo, chifukwa utsi wakuda uja sunkamupatsa mpata ngakhale wokhala pansi. Ulendo uno anauona mng'aluwo. Anawerama, ananunkhiza, n'kuseka. Tchipisi angaphe munthu?

Inafika nyengo yozizira, mphepo ya mwera italusa. M'mawa wina mkazi wake anakwera ndi mwana wawo woyamba, khanda losayamba n'kukwawa komwe, akupita nalo kusikelo kumtunda. Mafunde ankawaza madzi m'botimo. Khanda linanyowa, linayamba kulira, ndipo silinkatonthola.

Musaganize kuti munthuyu anali wankhanza. Ayi ndithu. Kulira kwa mwanayo kunkamupweteka mumtima.

"Mayi a mwana, bwerani kuno kuinjini, kukufunda," anatero.

"Nanga utsiwo, bambo?" anafunsa mkaziyo.

"Utsi wake uti? Tamanunkhizani. Umenewu ndi wa ndiwo."

Anawakhazika pambali pa injini. Anatenga lona n'kuwafunditsa, namanga ngodya zonse ndi zingwe kuti kamphepo kasapeze polowera. Posakhalitsa khanda linatonthola. Iye anamwetulira, nabwerera pachiwongolero.

Atafika padoko anthu anatsika, matumba anatsitsidwa. Anaitana mkazi wake. Zii. Anaitananso, uku akuseka, kuti kufunda kwawagoneka tulo. Zii.

Anamasula zingwe.

Mayo ine! Mkazi ali khosi lende, masanzi pachitenje, maso atatembenuka. Munthu uja anakuwa mfuu yoti padoko ponse panaima. Amayi ogulitsa nsomba anathamanga, anamukokera mkaziyo pamphepo, wina akumukupiza ndi lichero, wina akumuthira madzi. Patapita nthawi anatsokomola, natsegula maso.

"Mwana wanga ali kuti?" ndiwo anali mawu ake oyamba.

Mwanayo anali m'manja mwa bambo ake. Thupi linali lofunda bwinobwino, kufunda kwa injini, moti bamboyo ankangomugwedeza, akuuza aliyense kuti, "Wagona, taonani ngofunda, wangogona." Mayi wina wachikulire anavula chitenje chake, namuphimba mwanayo kumaso.

Inu amene mwabwera kudzaphunzira za mainjini a maboti, nkhani yake ndi imeneyo.

Tsono ndimvereni. Pasapezeke wina wochoka pano n'kumakalalikira kuti mafuta atsopanowa ndi oipa. Bodza limenelo. Mwaye wake ndi wochepa, ndipo zifuwa za anthu okhala m'madoko zimapumulako. Ine ndemwe ndimathira omwewo. Koma chilichonse chimene chikuyaka m'injini chimatulutsanso mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, umene ukatsekeredwa malo amodzi umagoneka munthu tulo tosadzuka. Kuchepa si kutha.

Choipa choonekera timachithawa tokha, palibe amatiuza. Choopsa ndi chimene chachepako, chifukwa chimenecho timachizolowera, timachiseka, mpaka timachiitanira amene timawakonda.

Tsiku lina paipi idzang'aluka muli ndi anthu odzaza boti, onse akufulumira. Zimitsani injini, konzani kaye. Musatsekere munthu pafupi nayo, ngakhale azinjenjemera chotani. Adzadandaula kuti akuzizidwa, ena adzakutukwanani mpaka kutchula mayi anu.

Alekeni atukwane. Munthu akamatukwana ndiye kuti akupuma.