Lole Yogona Pamtsetse

Kumapiri a ku Dedza kunali munthu wina woyendetsa lole. Ankanyamula kabichi ndi mbatata m'madimba kupita nazo kumisika ya m'tauni. Anali ndi mkazi ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana dzina lake Sungeni.

Batire la lole ija linayamba kutha mphamvu. Batire silifa mwadzidzidzi ayi, limayamba latsanzika. M'mawa kukazizira, akapotokola kiyi, injini inkatembenuka mwaulesi ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Nyali zinayamba kufiira ngati koloboyi. Hutala inasasa mawu. Pamitu ya batire panamera zoyera ngati mchere. Iye ankangothirapo madzi otentha, n'kugogodapo ndi mwala, ulendo n'kupitirira.

A Chikafa, makaniko wa pamsika, atasuzumira anapukusa mutu.

“Achimwene, ili latha. Lichotseni lisanakuchititseni manyazi.”

“Galimoto ndi dalaivala, a Chikafa,” iye anayankha akuseka.

Ndipo anapezadi nzeru. Nyumba yake inali pachitunda. Madzulo ankaimika lole itayang'ana kumunsi, mwala uli kutayala. Kukacha, mkazi wake achotsa mwala, lole itsetsereka, iye aponya giya, injini n'kudzuka ikutsokomola. Kumsika ankasaka potsetsereka. Pakasowa, ankapempha onyamula katundu kuti amukankhe, mpaka anamupatsa dzina. Akangotulukira, wina ankati, “A Tikankheniko aja afika, vulani majekete.” Iye ankaseka nawo. Zinkatheka ndithu, ndipo chifukwa zinkatheka, anaiwala kuti batire likudwala.

Tsiku lina mkazi wake, akusasa fumbi m'manja atachotsa mwala, anafunsa, “Bambo a Sungeni, kodi dziko lonseli ndi mtsetse?”

“Kuno ndi ku Dedza, mayi. Mapiri sadzatha.”

Loweruka lina anatsikira kudimba lakutali, pakati pa dambo. Mkazi wake anapita nawo kukathandiza kudula kabichi, Sungeni ali pambuyo. Kudamboko kunali see, kopanda ndi kachulu komwe. Pamalo otere iye sankazimitsa injini. Koma kupakira kunkachedwa, mafuta anali ochepa, ndipo m'dimbamo munali amuna amphamvu. Mumtima anati, akankha awa. Anazimitsa.

Dzuwa lili paliwombo, lole itadzaza mpaka pamwamba, kuchitsime kunamveka kulira. Sungeni anali ataponda njoka ya mamba m'maudzu, ndipo inamuluma.

Bamboyo anamunyamula, namukhazika pamiyendo pa amayi ake kutsogolo kwa lole. Anapotokola kiyi. Inangoti ke. Anapotokolanso. Timagetsi ta kutsogolo kwake tinaphethira, n'kuzima. Anatsika, anagogoda mitu ya batire ndi mwala mpaka chala chinatuluka magazi. Anakweranso. Zii.

Amuna onse a m'dimbamo anaika mapewa kumbuyo kwa lole. Panalibe woseka tsiku limenelo. Koma lole yodzaza siikankhika m'dambo. Matayala anali atalowa m'dothi lonyowa, ndipo mapazi a anthu ankangoterereka. Ena anakwera pamwamba, nayamba kuponya kabichi pansi kuti ipepuke. Nthawi inkapita. Zikope za mwana zinayamba kulemera.

“Ababa,” anatero motsitsa, “bwanji sitikunyamuka?”

Bamboyo anamutsitsa m'lole. Anamubereka kumsana, n'kuyamba kuthamanga. Anadutsa dambo, anakwera chitunda, mpweya wa mwana ukumveka pakhosi pake, ukunka nuchepa. Pamsewu anapeza wa njinga yamoto. Koma pofika pachipata cha chipatala, manja amene anamugwira m'khosi anali atamasuka kale.

M'mawa mwake panafunika galimoto yokatenga thupi. A Chikafa anamanga batire lina pa njinga yawo, natsikira kudambo pamodzi ndi bamboyo. Anamasula lakale, anaikapo linalo, anamanga mawaya. Ntchito yonseyo siinatenge ngakhale nthawi yophikira tiyi. Bamboyo anapotokola kiyi, ndipo lole inalira kamodzi n'kamodzi. Iye anatsamira pachiwongolero, injini ikulira bwinobwino pansi pake, ndipo anthu anachita kumutsitsa.

Abale anga, sindikunena kuti Mulungu ndiye anatuma njoka ija. Njoka zilimo m'dambo lililonse, ndipo tsiku loipa limafikira wolungama ndi wochimwa yemwe. Chimene ndikunena ndi ichi: alipo ena mwa ife amene mtima unaleka kudzuka wokha. Kupemphera patokha tinasiya kalekale. Mawu a Mulungu tikawamva, mkati mumangoti ke. Koma tinapeza mitsetse. Kwaya ikaimba bwino, timadzuka. Kukabwera mlaliki wachilendo, timadzuka. Amayi a kunyumba akagwada, ife timatsetserekera pa pemphero lawo. Anthu amationa tikuyenda, ifenso timati zili bwino.

Kukankhana si tchimo. Mpingo ulipo kuti tizithandizana. Koma likubwera tsiku limene mudzaime pamalo a see, katundu ali wodzaza, okukondani akuyesetsa ndi mphamvu zawo zonse koma osakusunthani. Tsiku limenelo chidzafunike ndi moto umene uli mkati mwanu. Ndipo kawirikawiri amene amalipira kuzizira kwathu si ife tokha. Ndi ana amene akhala pambali pathu, akudikira kuti tinyamuke nawo.

Lero njoka siinalume. Ngati mwaona nyali zanu zikufiira, musasake mtsetse wina. Lowani m'nyumba, tsekani chitseko, muuzeni Ambuye zoona zake: mphamvu zanga zatha. Iye sanyoza mtima wofooka, ndipo sachedwa kuikamo moyo watsopano. Ochedwa ndife.