Chithunzi Chimene Chinapita ku Joni

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu. Anali mlongo wake wa agogo a amayi anga, a Esinala. Mukumva? Magazi athu omwewa.

Yotamu anakhala zaka zambiri ku Halale, ndipo pobwera sanabwere ndi njinga ngati anzake. Anabwera ndi kamera. Osati tanu tam'thumbati, ayi. Chibokosi cha miyendo itatu, chokhala ndi nsalu yakuda yomwe ankadzifunditsa kumutu akamajambula.

Munthuyo ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Sankajambulira m'nyumba. Ankadikira mwezi wa Okutobala, mitengo ya mombo itaphukira masamba ofiira aja, nkutengera banja lonse kuthengo m'mawa dzuwa lisanakwere. Uyu khala apa, uyu imirira apo, mwana mumukweze pang'ono. Munthu wosauka ankatuluka pachithunzi ngati kalaliki wa pa boma. Anthu ankachokera kutali, makamaka amayi ofuna kutumiza zithunzi za ana kwa amuna awo ku migodi. Ndipo Yotamu ankadzitama kuti, "M'bokosi langa simutuluka munthu wonyansa."

Tsono kunadza chaka choipa. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pofika Ogasiti nkhokwe zinali mbee! Anthu anayamba kukumba mizu ndi kusinja njere za udzu. Koma mitengo imadziwa njala kodi? Siidziwa. Okutobala atafika inaphukira monga mwa masiku onse, thengo lonse psuu.

A Esinala anali ndi ana awiri aakazi, Elube wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Siyeni wa zaka zitatu. Amuna awo, a Bisalomu, anali ku Joni, ndipo kontirakiti yawo inali kutha mu Disembala. Tsiku lina a Esinala anapita kwa mlongo wawo.

"Achimwene, mundijambulire anawa momwe alilimu. Bambo awo awaone ndi maso, abwere msanga ndi kangachepe. Ndikangotumiza mawu aziti akazi amakokomeza."

Yotamu anangoti, "Mawa m'mawa."

Koma mumtima zinamuwawa. Nanga mwinimbumba sanali iye? Mlamu wake, mkamwini wamba, aone kuti Yotamu walephera kudyetsa mbumba yake? Chithunzi chikazungulire m'kompaundi ya ku Joni, amuna akuloza nthiti za ana, kumbuyo kwake kuli dzina la Yotamu?

Kutacha anabwera ndi madiresi awiri obwereka kwa mkazi wa mphunzitsi, ndi mafuta a nsatsi m'kabotolo. Anawadzoza anawo mpaka khungu lotuwa lija linawala. Elube, amene miyendo yake inali ngati bango, anamukhazika pansi nkumuphimba ndi diresi mpaka kumapazi. Siyeni anali atayamba kutupa, tsitsi litafiira. Anamuika kutsogolo, pamene kuwala kunkadutsa m'masamba.

A Esinala anati, "Achimwene, si zimene ndinapempha izi."

"Khala chete, mlongo. Ntchito iyi ndi yanga. Ukufuna ana ako akasekedwe ku Joni?"

Anaika nyimbo pakamwa, nawomba m'manja, mpaka Siyeni, amene anali asanaseke kwa sabata zingapo, anamwetulira kamodzi kokha. Pomwepo khethe!

Chithunzi chitatsukidwa chinali chokongola kuposa zonse zimene Yotamu anajambulapo. Paja zithunzi za kale zinalibe mitundu. Tsitsi lofiira silinaoneke. Masaya otupa ndi njala anaoneka ngati kunenepa. A Esinala anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Awa si ana anga."

Iwo sankadziwa kulemba, choncho mawu a kumbuyo analemba ndi Yotamu yemweyo. Iwo anati, "Lembani kuti bwerani msanga, ana akutha." Iye analemba kuti, "Kuno tonse tili bwino." Mawu anayi okha, ana anga. Anayi.

Inuyo mukanakhala a Bisalomu mukanatani? Bambo analandira chithunzi, anaona ana onenepa, ovala bwino, atakhala pansi pa mtengo wophukira. Anachionetsa kwa anzake onse. Anati, ngati kumudzi kuli chonchi, bwanji ndigwire chaka china kuti ndikamange nyumba ya malata? Disembala atakwana anasainanso kontirakiti.

Kuno a Esinala ankapita kumsewu tsiku lililonse kukayang'ana basi. Disembala anatha. Januwale anatha. Yotamu, poona mmene Siyeni analili, anagulitsa jekete ndi nsapato zake nkupita kukasaka chimanga kutsidya kwa phiri. Anayenda masiku asanu. Anabwera ndi kathumba pamutu, koma anapeza anthu akuchokera kumanda. Siyeni anali atapita.

Kalata ya maliro inafika ku Joni, koma kontirakiti sinali yothawika. A Bisalomu anadzafika chaka chinacho chitatha, mitengo itaphukiranso. Sanayambe alowa m'nyumba mwawo. Analunjika kwa Yotamu, natulutsa chithunzi m'thumba la malaya, chitatha m'mbali ndi kuchigwiragwira.

"Alamu, ndabwera kudzatenga mwana uyu."

A Bisalomu analoza Siyeni pachithunzipo.

"Uyu, wonenepayu. Munanditumizira ndinu. Ali kuti? Uja wa kumanda sindikumudziwa, sindinamuonepo. Ndikufuna uyu."

Anthu anasonkhana. Palibe anamenya mnzake. A Bisalomu anatembenuza chithunzi nawerenga mokweza mawu a kumbuyo aja, ndipo m'pamene a Esinala anamva koyamba zimene zinalembedwa m'dzina lawo. Chaka chonse ankaganiza kuti amuna awo anamva kulira kwawo koma sanasamale. Anakhala pansi pafumbi pomwepo. Kenako anati, "Achimwene, mwana munamuchedwetsera thandizo. Koma mwandilandanso nkhope yake. Ndikafuna kumukumbukira, ndikuona wa pachithunziyo."

Kuchokera tsiku limenelo sanalankhulenso naye mlongo wawoyo, kufikira imfa.

Yotamu anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri. Kujambula sanasiye, koma anasiya kukonza anthu. Wobwera ndi zigamba ankatuluka ndi zigamba zake, wodwala ankatuluka wodwala. Anthu sanazikonde zimenezo, anayamba kupita kwa wojambula wina wa pa sitolo. Anamwalira ali yekha, wosauka. Amene ankamupatsira phala m'masiku ake omaliza anali Elube, amene anadzabereka amayi anga, ndipo nkhaniyi anandiuza ndi iyeyo.

N'chifukwa chake pamtundu pathu pano, m'bale wakutali akafunsa kuti kumudzi kuli bwanji, sitithamangira kuyankha kuti tili bwino. Ngati kuli njala timati kuli njala. Ngati mwana wadwala timati mwana wadwala, bwerani. Inu a mafoni, amene mumadzijambula mutatsamira galimoto ya eni ake nkutumiza kwa achibale, ndimvereni. Manyazi a munthu wamkulu amatha, koma amene amawalipira ndi mwana, ndipo mwana akapita sabwerera.