Malonje a mlamu wa Layisoni

Panali munthu wina wodziwa kupereka malonje. Ikani kaye zolembera pansi, atolankhani inu, mumve za iyeyu. Nkhani mwandipatsa lerozi ndaziwerenga zonse, ndipo mutu ukundiwawa.

Munthuyu anali waulemu, wosathamanga pakamwa. Akafika pakhomo pa eni ake ankakhala pansi, kulandira madzi, kenako n'kuyamba kufotokoza ulendo wake kuchokera pamene anadzukira. Sankadumpha kanthu. Pa zinkhoswe ankamuika patsogolo, ndipo anthu ankati akamayankhula iyeyu mtima umakhala pansi.

Tsiku lina apongozi ake aakazi anadwala mwakayakaya. Mayiwo anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Layisoni, mmisiri wa matabwa, amene anakakwatira kutali kuseri kwa phiri, kumene foni sigwira. Mawu anali atawachepera, koma dzina la mwana wawoyo sankalisiya. Ndiye mkazi wa munthu uja, yemwe anali mlongo wake wa Layisoni, anamudzutsa m'mbandakucha.

"Abambo, tengani njinga. Mukawauze achimwene abwere lero lomwe. Amayi akuwaitana."

Uthenga wonse unali womwewo basi.

Musaganize kuti anali waulesi, ayi. Anapalasa ndithu, thukuta kamukamu, mpaka anafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza Layisoni akupala thabwa pansi pa mtengo wa mango. Tsono kumudzi kumeneko kunkadutsa galimoto imodzi yokha ya matola, pa tsiku la msika basi, ndipo tsiku lake linali lomwelo. Aliyense wokwera galimotoyo ankafika kwa mayi aja dzuwa lisanapendeke kwenikweni.

Layisoni anasiya ntchito, anatulutsa mpando, anaitanitsa madzi akumwa.

"Takulandirani, alamu. Tipatseni malonje."

Munthu uja anakonza kukhosi.

"Malonje ndi awa, alamu. Tinanyamuka kusanache. Mvula kwathu inagwa dzana, koma yongonyowetsa fumbi, chimanga chikadali chofota. Titafika pamlatho tinapeza matabwa awiri atachoka, ndiye njinga tinachita kunyamula."

"Pepani, alamu," anatero Layisoni.

Malonje anapitirira. Anafotokoza za chubu chimene chinaphulika pafupi ndi chigayo. Anafotokoza za wokonza njinga amene anamata ndi guluu wosagwira bwino. Anapereka moni wa mkulu wa mpingo amene anakumana naye panjira, ndi moni wa akazi a mkuluyo. Layisoni ankangovomera, "Eya. Inde. Zikomo."

Ali mkati mwa moni uja, kumsewu kunalira hutala. Galimoto ya matola inaima, dalaivala n'kutulutsa mutu, poti Layisoni ankakwera kawirikawiri kukagula misomali.

"A Layisoni! Lero simupita?"

Layisoni anakweza dzanja. "Pitani, ndili ndi alendo!"

Mlamu uja anamva zonsezi. Koma anaona kuti kudula malonje pakati ndi mwano, ndiponso nkhani ya matenda munthu sumangomuponyera, umayamba wamukhazika mtima pansi. Anadziuza kuti watsala pang'ono kufikapo. Galimoto inanyamuka.

Anamaliza za mkulu wa mpingo. Anafotokoza chikweza cha paphiri. Anamwa madzi. Kenako anatsitsa mawu.

"Tsono chimene tayendera, alamu, amayi sali bwino. Akukuitanani. Alongo anu akuti mubwere lero lomwe."

Layisoni anaimirira n'kuyang'ana kumsewu. Ngakhale fumbi la galimoto linali litatha kale.

"Alamu, mawu amenewa munali nawo pamene galimoto inkaliza hutala?"

"Ndinali nawo. Ndinali pafupi kufikapo."

Layisoni anatenga njinga ya mlamu wakeyo n'kuuyamba ulendo. Asanatsike n'komwe phiri, chubu chinaphulika pomwe anamata paja. Njingayo anaisiya pakhomo lina, n'kuyamba wapansi.

Anafika m'mawa mwake. Mayi ake anali atatsirizika dzuwa likulowa. Mlongo wake anamuuza kuti chitseko chikangoti kwee, mayiwo ankatembenuza mutu n'kufunsa ngati ndi Layisoni. Kuseri kwa nyumba kunali amuna atakhala chete pafupi ndi matabwa, akudikira mmisiri woti akhome bokosi. Layisoni anapempha sowo ndi hamala.

Mlamu uja anafika pambuyo pake, ndipo pamaliro ponse ankangofunsa anthu, "Kodi ndinanama? Nanga ndinasiya chiyani?" Sananame. Sanasiye kanthu. Zonse anazinena, mwaulemu, mwadongosolo lake.

Tsono ndibwere kwa inu. Ine ndatopa, ana inu. Tsitsi laimvi ili lamera ndikuwerenga malonje. Wina wandipatsa nkhani lero, yayamba ndi kunena kuti mwambo unatsegulidwa ndi pemphero. Kenako mlendo wolemekezeka anafika mochedwerapo. Kenako gule, kenako mlendoyo anathokoza onse amene anabwera. Ndawerenga, ndawerenga, mpaka kumunsi kwenikweni ndi kumene ndapeza kuti chitsime chimene mudzi wonse ukumwa chapezeka ndi tizilombo ta kolera. Ha! Mayi amene akatunge madzi amenewo mawa m'mawa, mukufuna ayambe wamva za gule?

Ndikudziwa chimene chimakuchititsani. Tonse tinaleredwa kuti pamaso pa akulu suyamba ndi nkhani, umayamba ndi moni. Ndi mwambo wabwino, ndipo kwanu muziusunga. Koma wowerenga wanu sanakutulutsireni mpando. Waima pamsika, nyuzipepala ndi ya mnzake, minibasi ikuitanira. Akupatsani chiganizo chimodzi, mwina ziwiri, basi wapita.

Ndiye chiganizo choyambacho chinyamule uthenga. Chachitika n'chiyani, kwa yani, kuti, liti. Chikhale chachifupi choti munthu n'kuchinena ndi mpweya umodzi, ngati mmene ananenera mlongo wa Layisoni. Maudindo ataliatali a mlendo wolemekezeka, pemphero, gule, chubu chophulika, zonsezo zili ndi malo ake kumunsi, ndipo wofuna adzazipeza.

Tengani nkhani zanuzi mukalembenso. Musanandibweretsere, muwerenge chiganizo choyamba chokha, n'kuphimba zotsalazo ndi dzanja. Mudzifunse kuti, Layisoni atamva chimenechi basi, akwera galimoto ija, kapena akweza dzanja n'kunena kuti pitani, ndili ndi alendo?